Sukulu ya Pachingwe cha Maovololo

Ine ndi Mayi Emelda tinadziwana mokangana, ndipo olakwa anali iwowo, ngakhale mpaka lero amakana. Ndinawapatsa ovololo yanga ya kumgodi kuti achape, monga amachitira amuna onse a pabwalo pathu ku Luka, dera la migodi kuno ku Joni. Inabwera yoyera bwino, yosita, yonunkhira sopo. Koma nditayang'ana pakolala ndinapeza alembapo ndi inki yosafufutika: MFUWU.

Ndinatuluka m'chipinda changa mtima uli m'mwamba. "Mayi inu! Dzina langa ndine Leonard! Izi ndiye ziti?"

Iwo sanadzutse n'komwe mutu pabeseni. "Mwadzimva nokha," anatero. "Mfuwu ndi mawu amene munthu amatulutsa akadzidzimuka, akakwiya kapena akakondwa. Mayo! Ogo! Asa! Chibwerereni pabwalo pano sindinakumveni mukulankhula ngati munthu woti wakhala pansi. A Leonard ndimawachapira atatu, koma Mfuwu ndi mmodzi."

"Asa!" ndinatero.

"Si uyo," anatero, n'kupitiriza kuchapa.

Kunena zoona, nzeru yawo inali yabwino. Maovololo a kontilaki yathu ndi ofanana onse, mtundu umodzi, ndipo anthu ankamenyanirana malaya Lolemba lililonse. Ndiye mayiwa anapatsa aliyense dzina lochokera m'malamulo a Chichewa. Alfredo wa ku Tete, amene pakamwa pake sipatsekeka ngakhale akutafuna, anali Mneni. Sulaimani, amene amadziwa basi yopita kumudzi, munthu wofuna waganyu ku Geelhoutpark ndi mtsikana wosakwatiwa aliyense kuyambira ku Phokeng mpaka ku tauni, anali Mlumikizi. Redson anali Mfotokozi, chifukwa iyeyo sangangonena kuti waona galimoto. Amayenera kukuuza kuti inali yofiira, yaitali, yonyezimira, ya matayala onenepa, iwe n'kumachedwa ku shifiti. Mayina amenewa anakakamira moti anafika mpaka pansi pa nthaka. Kapitawo wathu, Mtswana woti Chichewa sachidziwa ngakhale moni, amandiitana kuti Mfuwu poganiza kuti ndi dzina la bambo anga.

Mayi Emelda kwawo ndi ku Dedza, kuseri kwa mapiri. Anaphunzitsa zaka zisanu ndi chimodzi pasukulu ya pulayimale ya kwawoko ngati mphunzitsi wongodzipereka, wopanda pepala la kukoleji. Makolo ankawathokoza ndi mbatata ndi nyemba. Katatu analembera ku koleji ya aphunzitsi, katatu masamu anawagwetsa. Boma litatumiza aphunzitsi a mapepala, a komiti anawaitana pansi pa mtengo, kuwathokoza, kuwawombera m'manja, basi nkhani yatha. Anakwera basi ya ku Joni chaka chomwecho, ndipo chifikireni amachapa maovololo. Ali ndi zingwe zinayi zodutsa pabwalo lonse, mabeseni atatu, ndi thumba la zopanira zovala lomwe amamanga m'chiuno ngati kondakitala.

Chinthu chimodzi sankafuna kuchimva: kuwatchula kuti aphunzitsi. Redson anayesa tsiku lina mongocheza, iwo anamuyang'ana mpaka anameza malovu. "Aphunzitsi ali ndi mapepala," anatero. "Ine ndine wochapa. Musandinyoze." Kuyambira pamenepo tonse tinkasamala pakamwa.

Tsono vuto linagwa m'nyumba mwanga. Mkazi wanga Esnart anatopa ndi moyo wa chipinda chimodzi, ndipo kanyumba kathu ku Balaka kanali katatha kufoleredwa. Tinagwirizana kuti mu Ogasiti iye ndi mwana wathu Linnet abwerere kumudzi, ine nditsale ndikugwira ntchito. Linnet anali ndi zaka khumi ndi zinayi, wobadwira konkuno, wanzeru zake. Chitswana amachilankhula ngati wa ku Phokeng, Chingerezi ngati wapawailesi. Koma Chichewa chake, mayo ine! Chinali chosakaniza ngati ndiwo za pamaliro, mawu awiri athu, atatu a eni dziko.

Esnart anaimbira foni ahedi a sukulu ya kwathuko. Ahediwo anayankha mosapsatira. Anati ana ochokera ku Joni amawadziwa, amabwera ndi Chingerezi chambiri koma pepala la Chichewa limawagwetsa pamayeso a boma. Anati mwanayo akafika adzamuyesa. Akakhoza, alowa Sitandade 8 ndi anzake amsinkhu wake. Akalephera, abwerera Sitandade 5.

Linnet atamva ananena mawu amene anandilasa: "Adadi, ine sindikakhala pansi ndi tiana tamamina. Akandibweza, sukulu ndasiya." Mwana ameneyu anatengera mtima wanga. Akanena wanena, ndipo ine ndinachita mantha enieni, chifukwa ndikudziwa kumene amathera atsikana osiya sukulu pamsinkhu umenewo.

Ndinakalipa, inde, ndinakalipa mpaka agalu a pabwalo loyandikana nalo anayamba kuuwa. Ndinakalipira mwana, ndinakalipira mayi ake, ndinakalipira ahedi amene sanali kundimva. Nditatuluka kuti ndipume, ndinapeza Mayi Emelda akuyanika masokosi.

"Mwamaliza, a Mfuwu?" anandifunsa. "Ngati mwamaliza, mwanayo azibwera kuno akaweruka kusukulu. Tili ndi miyezi isanu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, tiyambe ndi zomwe tili nazo."

Zomwe anali nazo zinali makatoni a sopo, lumo, inki ija ya pakolala, chingwe ndi zopanira. Ine ndinathamanga ku tauni kukagula kope lalikulu lachikuto cholimba ndi zolembera zitatu, kuti anthu aone kuti mwanayo ali ndi bambo. Mayi Emelda analandira kopelo ndi nsonga za zala, manja ali thovu lokhalokha, n'kuliika pamwamba pa kabati. "Pano pamanyowa," anatero. "Tidzaligwiritsa ntchito bwino lino."

Tsiku loyamba ndinaonerera ndili pakhomo, ndikuvula jombo. Analemba pakatoni mawu amodzi akuluakulu: TINACHAPANSO. Anapatsa Linnet lumo.

"Mawu ali ngati ovololo ya bambo akoyi," anatero. "Ukaiona patali ndi chinthu chimodzi, koma telala anaisoka ndi zidutswa. Pali thunthu, pali manja, pali kolala. Tapeza thunthu apa. Ntchito yeniyeni ikuchitika ndi iti?"

"Kuchapa, anti."

"Dula pamenepo."

Mwana anadula CHAPA. Iwo anakapana pakati pa chingwe. "Limeneli ndi tsinde. Likachoka limeneli palibe chotsala. Nanga akuchapawo ndani?"

"Ife."

"Ali pati ifeyo?"

Linnet anayang'ana, anayang'ananso, kenako anadula TI. Anti ake anamuuza kuti kameneko ndi mphatikiram'mbuyo, kamakhala kumayambiriro, kumbuyo kwa tsinde pamene mawu akuyenda. NA, kamene kamanena kuti zinachitika kale, ndi mphatikiram'kati. NSO, kamene kali kumapeto ngati nsonga ya mphuno, ndi mphatikiram'tsogolo. Zidutswa zinayi zinalendewera pakati pa ovololo ya Alfredo ndi thawulo la munthu wina. Kenako anachotsa TI n'kuikapo MU, anachotsa NA n'kuikapo DZA, ndipo mwana anawerenga yekha: "Mudzachapanso!" Anaseka, kuseka kwenikweni kwa pansi pamtima, koyamba chimvereni za ahedi aja.

Kuyambira tsiku limenelo chingwe chachinayi chinasanduka cha sukulu. Amene ankafuna kuyanikapo kabudula ankauzidwa kuti akayanike pampanda. Tikamachokera ku shifiti, fumbi lili m'makutu, tinkapeza mawu akuuluzika pamphepo: magulu a mayina, munthu ndi anthu, mtengo ndi mitengo, chingwe ndi zingwe, chilichonse ndi mnzake. Mayi Emelda ankaphunzitsa manja ali m'madzi, osaleka kufikisa. Ankangoloza ndi chibwano, mwana n'kumathamanga uku ndi uku ndi zopanira kukamwa.

Choseketsa n'chakuti ife akuluakulu tinayamba kuphunzira nawo mosafuna. Alfredo anaphunzira sukulu yake yonse m'Chipwitikizi, ndipo sankadziwa kuti Chinyanja chimene anayamwira chili ndi malamulo. "Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikulankhula mphatikiram'kati osadziwa?" anafunsa tsiku lina, maso ali tong'o. Sabata imeneyo sitinapume naye. Tili mu kheji, chikepe chotitsitsa pansi pa mgodi, anthu ali duu ndi tulo, iye ali kalikiliki kudula mawu a kapitawo m'zidutswa.

Atafika pa chiganizo, zidutswa za katoni zinachepa mphamvu. Linnet ankasokoneza mwininkhani ndi pamtherankhani, wochita ntchito ndi amene ntchitoyo yamugwera. Ndiye Lamlungu lina masana Mayi Emelda anatitulutsa tonse m'zipinda, aliyense atavala ovololo yake. Anatipachika makatoni pachifuwa ndi zopanira, aliyense mawu a mtundu wa dzina lake. Alfredo anapatsidwa WALUMA. Redson anapatsidwa WAKUDA. Esnart, amene analibe ovololo, anamangidwa GALU pachitenje, ndipo anadandaula kuti bwanji iyeyo. Sulaimani anapatsidwa NDI, n'kuima pakati pa ana awiri a eni bwalo, wina MBUZI wina NKHUKU. Ine anandipachika OGO.

"Konza anthu akowa," anauza Linnet. "Chiganizo chimveke."

Taganizani, amuna a ndevu zathu, obowola miyala pansi pa dziko, kukokedwa pamkono ndi kamtsikana! Anandiimika ine koyambirira, kenako mayi ake, kenako Redson, Alfredo, mbuzi, Sulaimani, nkhuku. Anawerenga mokweza: "Ogo! Galu wakuda waluma mbuzi ndi nkhuku."

"Mwininkhani ndani?"

"Amayi! Galu!"

"Pamtherankhani?"

"Mbuzi ndi nkhuku, chifukwa mano athera pa izozo."

"Tachotsa bambo ako. Chiganizo chafa?"

Linnet anandikankhira pambali, n'kuwerenganso. "Sichinafe, anti. Changochepa phokoso."

Bwalo lonse linagwa nacho chiseko. Eni bwalo, mayi wachitswana amene sankamva kalikonse, anaseka mpaka anakhala pansi. Kenako Linnet anachotsa Alfredo, ndipo chiganizo chinafadi, chifukwa popanda mneni galu uja anangoima osachita kanthu. Alfredo anayenda modzitukumula mwezi wathunthu. Ine ndinakwiya pang'ono, koma mumtima ndinali wokondwa kwambiri, poona mwana wanga akuseka m'chilankhulo cha kwathu.

Ogasiti anafika ndi mphepo yake ya fumbi la m'migodi. Tsiku lonyamuka, Sulaimani atatipezera kale malo m'basi, Mayi Emelda anamasula thumba lawo la m'chiuno n'kutulutsa zopanira zisanu ndi ziwiri, zamtengo, zakale, zoderako ndi dzuwa. Anaziika m'dzanja la Linnet n'kulifumbatitsa. "Ndilibe china chokupatsa," anatero. "Ukayanikire yunifolomu ya Sitandade 8." Anatsitsanso kope lija pakabati, likadali m'pulasitiki mwake, fumbi lili mbuu. Palibe mmodzi wa ife amene anaganizapo kanthu. Ine ndinangokondwa kuti silinathe.

Ndinatenga tchuthi cha masabata awiri kuti ndiwaperekeze. Lachitatu m'mawa tinali mu ofesi ya ahedi, ine ndi Linnet. Ahediwo anali bambo wamtali, wa imvi za m'mbali, magalasi ali pansonga ya mphuno. Anapereka pepala la mafunso khumi ndi pepala lina loyera loyankhirapo, n'kuyang'ana wotchi. Ine anandiloza mpando wa pakona.

Linnet anagwira cholembera. Anawerenga. Anayang'ana pepala loyera lija. Mphindi zisanu zinadutsa, khumi, khumi ndi zisanu, osalemba ngakhale kadontho. Ndinaona dzanja lake lamanzere likukwera m'mwamba, zala zikutsina mphepo, kenako likubwerera pamwendo mwamanyazi. Apo m'pamene zinanditsekukira m'mutu. Miyezi isanu yonse ija mwanayu sanayankhepo funso atakhala pampando. Chichewa chake chonse chinali pachingwe, ku Luka, pakati pa maovololo. Kope linagona pakabati, ndipo ife tonse, ndi nzeru zathu, tinaliiwala.

Ahedi anapumira m'mwamba. "Bambo, ndinanena ine. Si mlandu wa mwana. Sitandade 5 imuthandiza." Anatambasula dzanja kuti atenge pepala.

"Asa!" Mawuwo anangotuluka okha, ndipo ndinali nditaimirira kale. Ahedi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndinadziwa kuti pakamwa panga pandipachikitsa, koma mwana ndi amene anandipulumutsa.

"Aphunzitsi," anatero Linnet, "kodi mungandilole kung'amba pepala? Ndipo ndikupempha chingwe."

"Chingwe? Cha chiyani?"

"Choyanikapo, aphunzitsi."

Ahedi anatiyang'ana ngati tonse awiri tadwala mutu. Koma anali munthu wachidwi, Mulungu awadalitse. Anati mu ofesi mulibe chingwe. Ine sindinadikire. Ndinagwada, kumasula chingwe cha nsapato yanga, kumasulanso chinzake, n'kuzilumikiza. Ndinagwira nsonga imodzi. Inayo inasowa woigwira, ndiye ahedi, atazengereza pang'ono, anaigwira okha.

Funso loyamba linali loti aphwanye mawu akuti ANAGULITSANSO. Linnet anawalemba pakapepala ndi zilembo zikuluzikulu, anang'amba, anatulutsa zopanira m'thumba la siketi, ziwiri n'kuziluma kukamwa monga mwa masiku onse. Anapana A, anapana NA, anapana GULITSA, anapana NSO, uku akutchula dzina la chilichonse. Kenako, osafunsidwa, anang'ambanso GULITSA n'kunena kuti muzu wake ndi wa kugula, ndipo ITSA ndi msintho wosonyeza kuchititsa wina.

Ahedi anakankhira magalasi m'mwamba ndi dzanja lomwe linali lopanda chingwe. "Pitiriza," anatero.

Anapitiriza. Chiganizo anachiyanika chonse, mwininkhani uku, mneni pakati, pamtherankhani uko, muonjezi kumapeto. Akamaliza funso, ahedi ankamuuza kuti akopere papepala zomwe zili pachingwezo, ndipo ankakopera bwinobwino. Pa funso lachisanu ndi chitatu anaphonya, pa nthambi za chiganizo, ndipo lachisanu ndi chinayi analisiya. Mkono wanga unachita dzanzi, nsapato zili pululu, aphunzitsi ena awiri akusuzumira pazenera. Sindinasamale. Akanandiuza kuti ndigwire chingwecho mpaka Khirisimasi ndikanagwira.

Pomaliza ahedi anaika chingwe patebulo, anawerenga pepala lonse mwakachetechete, n'kuvula magalasi. "Sitandade 8," anatero. "Koma tsiku lililonse azilemba m'kope, chifukwa m'mayeso a boma salowa ndi zingwe za nsapato. Anakuphunzitsa ndani, mwana iwe?"

"Anti Emelda. Amachapa maovololo a adadi."

Zimene ndinachita panja pa ofesiyo sindingazinene zonse. Ndinafuula mpaka ana a Sitandade 1 anatuluka m'kalasi. Ndinanyamula Linnet ngati khanda, mtsikana wamkulu ndithu, ndipo nsapato imodzi inandivuka. Ndinalira, inde ndinalira, ndipo amene akufuna kuseka aseke.

Kutatsala tsiku limodzi kuti ndibwerere, ahedi anatumiza envelopu kunyumba, yomata bwino. Ndinaisunga m'thumba la malaya ulendo wonse, kudutsa Mwanza, Tete, Zimbabwe, mpaka tekisi ya ku Luka. Za kukhoza kwa mwana bwalo lonse linali litamva kale pafoni, ndipo Alfredo anali atauza aliyense kuti ndi iyeyo amene anathandiza kwambiri. Koma za kalatayi sindinauze munthu.

Ndinawapeza Mayi Emelda pamalo pawo, manja m'beseni. Ndisanakhale n'komwe pansi anayamba kudziimba mlandu. "Kope lija, bambo a Linnet. Ndinalakwa ine. Mphunzitsi weniweni sakanaiwala kope. Ndikanamuphera tsogolo mwana."

"Pukutani m'manja, mayi," ndinatero. Ndinalankhula motsitsa, moti iwo anadabwa n'kundiyang'ana.

Anapukuta pachitenje, n'kulandira envelopu. Pamwamba pake panalembedwa ndi inki yabuluu: Kwa Aphunzitsi a Emelda, Luka. Anaima nayo nthawi yaitali asanaitsegule. Kenako anawerenga chamumtima, milomo ikuyenda, ndipo atafika kumapeto anandipatsa kuti ndiwerenge mokweza, poti maso awo anali atasiya kuona bwino.

Inali yaifupi. Ahedi analemba kuti aphunzitsa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ana ambiri amaloweza mayina a zinthuzi ngati nyimbo osadziwa chomwe akuimba, koma mwana uyu amazigwira ndi manja. Analemba kuti akhoma misomali iwiri m'kalasi ya Sitandade 8 ndipo amangapo chingwe. Ndiye anafunsa: "Nthambi za chiganizo mumaziyanika bwanji? Pamenepo pandivuta, chonde mundilangize." Pansi anasaina kuti, "Ine mphunzitsi mnzanu."

Mayi Emelda anatenga kalatayo, anapita pachingwe chachinayi chomwe chinali chopanda kanthu chichokereni Linnet, n'kuipana ndi zopanira ziwiri kuti mphepo isaitenge. Anaima pamenepo atatifulatira, mapewa akugwedezeka. Redson anatsegula pakamwa kuti afotokoze, ine ndinamuponda phazi.

M'mawa mwake ndikupita ku shifiti, chisoti m'manja, ndinawapeza Mayi Emelda atakhala pachidebe, katoni ya sopo pamiyendo, lumo lili pambali. Ankayesa kudula chiganizo chachitali m'nthambi zake, kuti ayankhe kalata ija. Madzi a m'beseni anali asanathiridwe n'komwe sopo.

Ndinaima, ndinakhosomola pang'ono, n'kulimba mtima. "Mwadzuka bwanji, aphunzitsi?"

Sanadzutse mutu. Lumo linaima kanthawi, kenako linapitiriza kudula.

"Ndadzuka bwino, a Mfuwu," anatero. "Kaya inu?"